Kalata yochokera ku Leicester: za kuimba kwanga kwa Loweruka

Okondedwa abambo ndi amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino nonse pakhomopo. Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chayamba, ndipo ikamati 4 koloko madzulo kunja kumakhala kutada kale. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, ndipo netiweki ya kwathuko mumaidziwa, munthu amamva theka, theka linalo n'kudzipekera yekha.

Alamu andiuza kuti kakanema kaja ndinaika pa WhatsApp, kondionetsa ndikuimba mawu a m'buku la yoga ndi anzanga, kafika mpaka kwa amayi a Chigwirizano, ndipo akuti mwana wa a mkulu wa mpingo walowa chipembedzo cha amwenye. Ena akuti ndi zokhwimira ndalama. Abambo, musataye tulo. Lamulungu lililonse limene sindili pa ntchito ndimapita ku tchalitchi, ndipo chakhumi sindinasiye. Koma kungokana sikukwanira, ndifotokoze bwinobwino chimene munandiona ndikuchita.

Mwa okalamba amene ndimawasamalira m'nyumba zawo muli agogo ena aamuna achimwenye amene anabadwira ku Malawi konko. Makolo awo anali ndi sitolo kumudzi, mpaka m'zaka za m'ma 1970 pamene boma la Kamuzu linalamula kuti amwenye achoke m'misika ya kumidzi n'kukakhala m'matauni. Ambiri anangopitirira ulendo mpaka kuno ku Leicester, kumene anakumana ndi anzawo amene Idi Amin anawathamangitsa ku Uganda mu 1972. Agogowa Chichewa amachidziwabe, chija cha pa sitolo, ndipo akandiona amayamba ndi kufunsa ngati mvula yagwa ku Dedza. M'mawa ndikamawasambitsa amakhala akung'ung'udza mawu ena mwa kayendedwe kamodzimodzi. Nditawafunsa kuti ndi nyimbo yanji, anaseka n'kunena kuti si nyimbo, ndi buku, ndipo analiloweza ali mnyamata. Maso awo tsopano sawona bwino, koma bukulo lili m'mutu. Mwana wawo wamkazi ndi amene amaphunzitsa kagulu ka anthu Loweruka masana mu holo ina kufupi ndi Belgrave Road, ndipo ndi iyeyo amene anandiitana.

Bukulo limatchedwa Yoga Sutra, ndipo amati analisonkhanitsa ndi munthu wanzeru dzina lake Patanjali. Akatswiri ambiri amati ndi la zaka za m'ma 400 Yesu atabadwa. Lili m'chilankhulo cha Sanskrit, chimene ndi chakale kwambiri ku India, ndipo lili ndi timizere 196 (ena amawerenga 195) m'magawo anayi. Timizereto ndi tatifupi zedi, tina mawu atatu okha. Anatilemba dala choncho kuti munthu atisunge pamtima, kenaka mphunzitsi azimasulira. Ukangowerenga wekha sungatolepo kanthu, n'chifukwa chake kuyambira kalekale amaliphunzira pamodzi ndi ndemanga ya munthu wina wotchedwa Vyasa.

Kaphunziridwe kake, amayi, n'chimodzimodzi ndi mmene munkandiloweza katekisima pokonzekera kalasi. Mphunzitsi amanena mzere, ife tonse n'kubwereza kawiri. Ukakhala wautali amaudula zidutswa, kenaka n'kulumikiza. Salola kuthamanga. Liwu lalitali liyenera kutenga nthawi yowirikiza kawiri ya lalifupi, ndipo ukalifupikitsa amakubweza pomwepo. Chimene chinandiseketsa n'chakuti azungu a m'gulu mwathu amatuluka thukuta posiyanitsa pa ndi pha, ta ndi tha, ka ndi kha, pamene ine zimenezo ndinayamwira. Mwana wa ku Dedza sangasokoneze kupala ndi phala. Koma nanenso ndili ndi anga ondigwetsa. Pali mawu ofuna kupinda lilime kuti nsonga yake igunde kumwamba kwa m'kamwa, pali bha ndi dha zotuluka ndi mpweya, ndiye pali ra ndi la, zimene kwathu timangozisinthanitsa popanda wotifunsa. Apa mphunzitsi salekerera.

Kaphunziridwe ka pakamwa kameneka anakatengera kwa oloweza malemba awo akale kwambiri otchedwa Veda. Kuimba Veda bungwe la UNESCO linakuika mu 2003 pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu, ndipo mu 2005 pa mndandanda womwewo panalowa Gule Wamkulu ndi Vimbuza. Ndikudziwa, abambo, kuti za gule simufuna n'kuzimva komwe, ndangotchula kuti muone kuti dziko limazitenga ngati zinthu zosungidwa ndi makolo.

Mwina mukamva kuti yoga mumaganiza za anthu opinda miyendo m'khosi atavala zothina, monga amaonetsera pa TV pa 21 June, tsiku limene United Nations inalipatula kuyambira 2015. Ine ndinadabwa kupeza kuti m'buku lonselo timizere titatu tokha nditimene timalongosola za kakhalidwe ka thupi, ndipo mfundo yake ndi yakuti ukhale pansi mokhazikika ndi mosadzipweteka. Basi. Zina zonse ndi za maganizo. Mzere wachiwiri weniweniwo umati yoga ndi kukhazika pansi kuyendayenda kwa maganizo. Njira yake ili ndi mbali zisanu ndi zitatu, ndipo yoyamba si masewera ayi, ndi makhalidwe: usapweteke chamoyo, usaname, usabe, udzigwire pa zachiwerewere, usamakundike zinthu mwadyera. Nanga pamenepa abusa angatsutsepo chiyani?

Pali mzere wina m'gawo loyamba, wa nambala 33, umene wandigwira mtima kwambiri. Umati mtima umayera ngati ukhala bwenzi kwa amene zikuwayendera, wachifundo kwa ovutika, wokondwera ndi ochita zabwino, ndi wosatekeseka ndi ochita zoipa. Ntchito yangayi imandipatsa anthu onse anayiwo tsiku limodzi. Pali agogo amene mutu unasokonezeka, amandilalatira ndikamawasintha zovala, mawa lake n'kundigwira dzanja ngati mdzukulu wawo. Pali achibale a odwala amene amandiyang'ana ngati ndabwera kudzaba. Chifundo kwa odwala sichinandivutepo, munandilera nacho. Chimene chimavuta ndi choyamba chija. Mnzanga amene tinabwera naye nthawi imodzi wamanga kale nyumba ku Area 25, ine ndidakali pa njerwa, ndipo ndikaona zithunzi zake mumtima mumaluma. Munthu amene anaika zimenezi patsogolo pa zinzake anali wowadziwa anthu. Ndikatuluka m'nyumba ina mtima uli m'mwamba, ndimaubwereza mzerewo chamumtima pa basi, ndipo chifukwa chakuti ndiyenera kusamala liwu lililonse, mutu umasowa mpata wobwereza zondikwiyitsa zija.

Tsono sindikubisirani, muli zina zimene sindigwirizana nazo. Bukulo limakhulupirira kuti munthu amabadwanso kambirimbiri malinga ndi ntchito zake. Limatchula Ishvara, amene ena amamasulira kuti Ambuye, koma silimufotokoza ngati Mlengi wa kumwamba ndi dziko lapansi monga ife timamudziwira Chauta. Cholinga chake chomaliza n'chakuti chimene chimaona mkati mwa munthu chilekane ndi zonse zooneka n'kukhala pachokha, ndipo ine kumwamba kokhala wekha sikundikopa. Gawo lachitatu ndiye likanakuimitsani tsitsi, chifukwa limakamba za kudziwa moyo wako wakale, kusaoneka ndi maso a anthu, ngakhale kukhala ndi mphamvu za njovu. Komatu buku lomwelo limachenjeza kuti mphamvu zimenezo ndi zopinga kwa wofuna mtendere weniweni wa mumtima. Ife sitinafikeko, tidakali m'gawo lachiwiri, ndipo palibe amene wasowapo mu holo muja.

Poyamba phunziro anzanga amaimba Om, liwu limene Ahindu amalitenga kukhala lopatulika, ndi pemphero lolemekeza Patanjali. Pamenepo ine ndimakhala chete. Ndinamuuza mphunzitsi tsiku loyamba kuti ndine Mkhristu, iye anangoti palibe vuto, ndiziyamba pamene mtima wanga walola. M'gulumo muli Ahindu, muli mayi wina wa Katolika wa ku Poland, muli ndi ena osapemphera n'komwe. Palibe amene wandipempha ndalama zoposa zolipirira holo, palibe lumbiro, palibe chobisika.

Abambo, ngati mungakonde, kalatayi muwaonetse abusa. Akaona kuti pali pamene ndikuponda molakwika, andilembere kapena mundipatse nambala yawo, ndidzamvetsera. Koma amayi a Chigwirizano aja muwauze kuti akanakhala kuti ndakhwima, denga la nyumba yanga bwenzi litafoleredwa kale.

Ndalama za feteleza ndatumiza pa foni ya achimwene, matumba anayi, ndipo yotsalayo ndi ya fizi ya mng'ono wanga teremu ikubwerayi. Chonde mugule msanga mitengo isanakwerenso. Amayi, mankhwala a BP aja musadumphitse, ngakhale mukumva bwino. Agogo achimwenye aja akuti ndikupatseni moni, ndipo akufunsa ngati mbatata ya kachewere idakagulitsidwabe m'mbali mwa msewu pa Bembeke. Mundiyankhe kuti ndikawauze. Moni kwa amalume, azakhali ndi ana onse.

Ndatha ine mwana wanu woyamba,
kuno ku Leicester.