Lipoti la ulendo wa ku Bhopal: zimene mpweya unachita m'maukwati

Mayi wapampando, amayi anzanga a mu komiti, ndi nonse amene munasonkha kangachepe kuti ndiyende ulendowu,

Munandituma ku Bhopal, m'chigawo cha Madhya Pradesh ku India, kukakhala nawo pa mwambo wokumbukira kuti patha zaka 40 chichitikireni ngozi ya mpweya wapoizoni, komanso pa zokambirana zimene magulu a anthu opulumuka anakonza masiku omwewo. Funso limene munandipatsira linali la ndalama: anzathuwo anatani kuti alandire chipukuta misozi, nanga ife titolepo chiyani pa milandu ya anthu athu ovulala pa ntchito? Yankho lake ndabwera nalo, koma ndi lalifupi ndiponso lowawa. Zimene zadzaza kope langa ndi nkhani za maukwati, ndiye mundikhululukire poti lipotili lapendekera kumeneko.

Ndiyambe ndi ngoziyo, paja ena a inu munali musanabadwe. Usiku wa pa 2 Disembala 1984, kuchera pa 3, madzi analowa m'thanki nambala 610 pa fakitale ya Union Carbide. Fakitaleyo inkapanga Sevin, mankhwala aja alimi a thonje akale amawadziwa bwino, ndipo m'thankimo munali mankhwala oopsa opangira Sevin otchedwa methyl isocyanate, amene eni ake amangoti MIC. MIC ndi madzi sizionana. Zitakumana, thanki inatentha, mankhwala n'kuyamba kuwira, mpaka matani pafupifupi 40 anathawira kunja. Zida zotetezera zinalipo dzina lokha: makina oziziritsa thanki anali atazimitsidwa, nsanja yootchera mpweya woipa sinkagwira ntchito. Mpweyawo ndi wolemera, choncho unayenda chokwawa, kulowa m'makomo a ku JP Nagar, Kazi Camp ndi Chola anthu ali m'tulo. Boma la Madhya Pradesh limati anafa ndi anthu 3,787. A Amnesty International amati masiku oyamba okhawo anafa oposa 7,000, ndipo ena 15,000 anatsatira m'zaka za pambuyo pake. Amene anaupuma ndi oposa 500,000.

Tsopano yankho la funso lanu lija. M'chaka cha 1985 boma la India linakhazikitsa lamulo loti ilo lokha ndilo liyimire onse ovulala. Linayamba ndi kufuna madola 3.3 biliyoni, koma mu Febuluwale 1989 linagwirizana ndi kampani pa madola 470 miliyoni, eni mavuto osafunsidwa. Ambiri mwa ovulala analandira ma rupee 25,000, ngati madola 500, ndipo mu 2004 khoti la Supreme linalamula kuti zimene zinatsala m'thumbamo zigawidwenso. Mkulu wa Union Carbide, Warren Anderson, anamangidwa pa 7 Disembala 1984, tsiku lomwelo n'kutuluka pa belo, kuuluka wa ku America osabweranso. Anamwalira mu 2014 mlandu osazengedwa. Mu 2010 mabwana asanu ndi awiri a kampaniyo a ku India komweko anagamulidwa zaka ziwiri, nawonso n'kutuluka pa belo. Kampani ya Dow Chemical inagula Union Carbide mu 2001 ndipo imati za Bhopal sizikuikhudza. Mu Malichi 2023 khoti la Supreme linakana pempho loti ndalama ziwonjezeredwe. Phunziro lake ndi limodzi: musalole wina akugwirizanireni mtengo inu kulibe.

Tsiku lachitatu ndi limene linanditembenuza mutu. Abambo atapita kukakonza za chionetsero, ife amayi tinatsala m'chipinda china kufupi ndi mpanda wa fakitale, nsapato zonse pakhomo, tili pansi pa mikeka, tiyi wa ginja akuzungulira m'timakapu ting'onoting'ono. Mtsikana wina wa ku koleji ndiye ankandimasulira. Ine ndinafunsa za mapepala a chipukuta misozi. Mayi wina wa Chisilamu anapisa m'chikwama, n'kutulutsa jumbo yomanga ndi mphira, n'kuyala zonse patsogolo panga: makadi a kuchipatala ofiirira ndi ukalamba, risiti ya ma rupee 25,000, ndi kopopera m'kamwa ka anthu a mphumu. Usiku wa mpweya uja anali ndi pakati pa miyezi isanu. Anapita padera m'mawa mwake. Anapitanso padera kawiri m'zaka zotsatira. Ndalama zake zitatuluka m'ma 1990, zinagula malata a nyumba ya apongozi. Chaka chisanathe mwamuna anamuuza katatu mawu a talaq, osudzulira mkazi pa Chisilamu, akuti akufuna mkazi wobereka. Malata anatsala komweko.

Ndinamufunsa ngati anakwatiwanso. Anaseka mpaka chifuwa chinamugwira, tinachita kudikira kuti apume. Anakwatiwa ndi bambo wamkulu amene mkazi wake anafa usiku womwewo, n'kumulerera ana atatu. Anati ukwati wachiwiriwu unakhalitsa chifukwa onse awiri ankatsokomola, ndiye panalibe wonyoza mnzake. Amayi onse anaseka nawo, ndipo ndinaona kuti nthabwala imeneyi si yachilendo pakati pawo.

Kuti mumvetse za talaq, dziwani kuti ku India ukwati umayendera chipembedzo: Ahindu ali ndi lamulo lawo la 1955, Asilamu ali ndi awo. Ndipo zinangochitika kuti patangotha miyezi inayi chichitikireni ngozi, mu Epulo 1985, khoti la Supreme linagamula mlandu wa Shah Bano, mayi wachikulire wa ku Indore m'chigawo chomwecho cha Madhya Pradesh, amene mwamuna wake anamusudzula atabereka naye ana asanu. Khoti linati mwamunayo azimupatsabe thandizo mwezi ndi mwezi. Dziko linagwedezeka, ndipo mu 1986 boma la Rajiv Gandhi linakhazikitsa lamulo limene anthu analimva kuti thandizo limathera pa iddat, miyezi itatu imene mkazi amadikira akasudzulidwa. Ndiye onani: zaka zomwe amayi a ku Bhopal ankadwala kwambiri ndi zomwezonso mayi wosudzulidwa anali wopanda pogwira. Talaq ya katatu nthawi imodzi inadzathetsedwa ndi khoti mu Ogasiti 2017, n'kukhala mlandu mu 2019. Kwa mayi wa jumbo uja, zinabwera madzi atafika kale m'khosi.

Musaganize kuti ndi za Asilamu okha. Amayi a Chihindu anati kwa iwo kalata ya kukhoti siyofunika n'komwe: mkazi akadwaladwala amangomuperekeza kwa makolo ake kuti akapumeko, osadzamutenganso. Pa pepala ndi wokwatiwa, pakhomo ndi mbeta, kukwatiwanso sangathe.

Amasiye ndinakawaona ku Karond, kunja kwa mzinda, kumene boma linawamangira nyumba zosanjikizana, ndipo anthu amangokutcha kuti kwa amasiye a mpweya. Ndinakwera masitepe ndi agogo ena amene ankaima pakona iliyonse, dzanja pakhoma, kudikira mpweya ubwerere. Ndinadzifunsa kuti amene anaganiza zoika anthu a mapapo owonongeka pamwamba pa masitepe anali ndi maganizo otani. Agogowo anafedwa ali ndi zaka za m'ma 20. Wamasiye wa Chihindu wakhala akuloledwa ndi malamulo kukwatiwanso kuyambira 1856, koma lamulo ndi lina, pakamwa pa anthu ndi pena. Achibale a mwamuna sanafune, poopa kuti ndalama za maliro zituluka pakhomo; iwonso eni ake ankaopa kuti bambo wopeza sangalandire ana odwaladwala. Pamwamba pa izo, penshoni za amasiye ku India kawirikawiri zimatha mayi akakwatiwanso. Ya amasiye a mpweya ndi ma rupee 1,000 pa mwezi, ndipo yaimitsidwapo kangapo, amayiwo n'kumachita kukaguba kuti ibwerere. Ndinakumbuka za kwathu kuno, za chokolo ndi za achibale olanda katundu maliro asanaphwe. Kumeneko wamasiye amamutsekera pakhomo, kuno timamupitikitsa, koma pagwero ndi pamodzi: ndalama za womwalirayo.

Chimene chinandipweteka koposa ndi cha ana obadwa ngozi itapita kale. Kumeneko maukwati ambiri amakonza ndi makolo, ndipo chiwongo chimayenda chobwerera: a kuchikazi ndiwo amapereka kwa a kuchimuna, ngakhale lamulo linaletsa zimenezi mu 1961. Ankhoswe akabwera, funso loyamba ndi lakuti banjali limakhala kuti. Akangomva JP Nagar kapena Arif Nagar, amadziwa kuti ndi gas peedit, ovutika ndi mpweya. Ena amatsanzika pomwepo, ena amakweza chiwongo, akuti pogulira mankhwala m'tsogolo. Mayi wina anaulula kuti mwana wake anamutumiza kwa azakhali ake kutsidya lina la mzinda, kuti ankhoswe akamupeze kumeneko. Ukwati unatheka. Mwana woyamba atabadwa wolumala, chinsinsi chinaululika, mtsikanayo n'kubwezedwa ndi khanda kumsana. Mayiyo anandifunsa ngati analakwa kubisa. Ndinangoyang'ana pansi.

Mantha a ankhoswewo ali ndi pochokera, n'chifukwa chake nkhaniyi ndi yovuta. Amayi ambiri anapitadi padera, ena kubereka ntayo, ena kusamba mosalongosoka mpaka lero. Komanso poizoni sanathere usiku umodzi: fakitale inkataya zinyalala zake m'maiwe, zinalowa pansi, anthu n'kumamwa madzi a m'mijigo kwa zaka zambiri. A bungwe loteteza chilengedwe la Greenpeace atayeza mu 1999 anapeza poizoni m'nthaka ndi m'madzi, ndipo mu 2004 khoti linalamula kuti anthuwo apatsidwe madzi abwino.

Abambo ndisawaweruze onse. Ambiri anali onyamula katundu ndi okankha ngolo, ntchito yodalira chifuwa. Chifuwa chitatha, ntchito inatha, ulemu pakhomo n'kutha nawo. Ena anagwera m'mowa ndi nkhanza, akazi awo n'kuwathawa. Koma ndinaonanso bambo wina wa imvi atakhala panja pa chipatala cha Sambhavna, chimene chimathandiza opulumuka kwaulere kuyambira 1996, atagwirizira nsapato za mkazi wake pamiyendo ngati mwana.

Mfundo yanga, amayi anzanga, ndi iyi. Mafomu a chipukuta misozi anawerenga munthu payekhapayekha: wafa, wavulala kwambiri, wavulala pang'ono. Ngakhale ziweto zinali ndi malo ake. Koma panalibe mzere wa ukwati wotha, wa mtsikana wokanidwa ndi ankhoswe, kapena wa mayi amene wakhala zaka 40 akudwazika mwamuna. Zimene sizinalembedwe sizinalipiridwe, ndipo amene anazisenza ndi amayi.

Komatu si amayi ongolira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Rashida Bee, Msilamu, ndi Champa Devi Shukla, Mhindu, anakumana pa ntchito yopanga zinthu za mapepala imene boma linatsegulira opulumuka. Anayambitsa bungwe la ogwira ntchito, ndipo mu 1989 anayenda wapansi ndi anzawo mpaka ku Delhi, mtunda woposa makilomita 700, kukafuna malipiro oyenera. Mu 2004 analandira mphotho ya Goldman, yopatsidwa kwa oteteza chilengedwe, ndalama zake n'kutsegulira Chingari, kumene ana obadwa olumala amaphunzitsidwa kuyenda ndi kuyankhula. Kumeneko ndinaona amayi ambiri obwera okha ndi ana. Abambo ndinawawerenga ndi zala za dzanja limodzi. Malemu Abdul Jabbar, womenyera ufulu wa opulumuka amene anamwalira mu 2019, ankasonkhanitsa amayi sabata ndi sabata m'paki kwa zaka zambiri, ndipo ambiri anayamba kutuluka m'nyumba ndi kuyankhula pagulu chifukwa cha misonkhano imeneyo. Womasulira wanga anandikumbutsa monyadira kuti mzindawu unalamulidwapo ndi mafumu aakazi, ma Begum, kwa zaka zoposa 100 mpaka 1926.

Za mwambo weniweniwo sindichulutsa. Usiku wa pa 2 tinayenda ndi miyuni mpaka pa chiboliboli cha mayi wothawa ndi ana chimene Ruth Waterman anasema, choyang'anizana ndi fakitale. M'mawa mwake kunali kuguba ndi kuotcha chidole choimira kampani. Nditabwerako kale, kumayambiriro a Januwale 2025, ndinamva kuti matani 337 a zinyalala za poizoni achotsedwa pa fakitalepo kupita ku Pithampur kukaotchedwa, ndipo anthu a kumeneko anachita zionetsero zokana. Nthaka yoipitsidwa ikadali pomwepo.

Ndikupempha kuti pa msonkhano ukubwerawu tikambirane za kaundula wathu wa ovulala pa ntchito. Momwe alilimu timalemba dzina, tsiku ndi chilonda, basi. Ndikufuna tiwonjezere malo olembapo amene akudwazika, ana amene asiya sukulu, ndi momwe banja lilili pakatha chaka, pakatha zaka zitatu. Tizilimbikiranso kuti ndalama za wovulala zizilowa mu akaunti ya dzina lake, makamaka akakhala mayi, ndipo zikakhala za maliro tizikumbutsa achibale kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu. Ndikudziwa kuti ena anena kuti za m'banja n'za ankhoswe, si za komiti. Tidzakangane pamenepo, ine mbali yanga mwaimva.

Malisiti onse a ulendo ndapereka kwa msungichuma, pamodzi ndi ndalama zotsala. Zithunzi ndidzabwera nazo pa foni, kupatula za m'chipinda cha amayi chija, poti anandipempha kuti nkhope za ana awo aakazi osakwatiwa zisaoneke kulikonse.