Kalata kwa Phungu wathu watsopano, yochokera pakhonde la telala

Olemekezeka,

Ndine telala uja wa pakhonde la golosale, amene ndinakusokerani kabudula wa khaki pamene munkayamba Sitandade 1. Ndalemba poyera chifukwa chichitikireni chisankho cha pa 16 September 2025, foni yanu amayankha ndi mnyamata wina amene amangoti bwana ali pamsonkhano. Voti yanga ndinakupatsani, ndiye mundilole ndiyankhuleko.

Makina angawa aziona zipani. Ndinayamba ndi nsalu za amayi a mbumba, zija za nkhope ya Ngwazi. Mu 1994 zinabwera zachikasu. A Bingu atatuluka mu UDF mu 2005, khonde lonse linasanduka labuluu. Koma chimene sindidzaiwala ndi April 2012. A Bingu anamwalira pa 5, ndipo maliro asanaikidwe ku Ndata, nsalu za olenji zinali zitayamba kale kufika. Bambo wina anali ndi malaya abuluu pamakina, kutangotsala kolala ndi mabatani. Anabwera chakumadzulo, kathumba kali kukhwapa, nkundinong'oneza: "Amisiri, aja asiyeni kaye, yambani awa." Sindinafune nkomwe kumuyezanso. Miyezo yake inali kale m'buku, ndipo ndi yemwe uja anakunyamulani pamapewa tsiku lolengeza zotsatira.

Sindikuwanyoza anthuwa ayi. Wosauka ukamupatsa chitenje chaulere amalandira, ndipo nanenso ndimadyera pomwepo. Amene mumandidabwitsa ndinu akuluakulu: mukaona nkhope yanu pachitenje mumayesa chikondi. Chitenje chomwecho mawa aberekera mwana, mkuja ayanikapo ufa. Ine ndazigambapo zigamba nkhope za anthu amene kale tinkaopa ngakhale kuwatchula dzina. A Kamuzu anapatsidwa upulezidenti wamuyaya mu 1971, muyayawo unathera mu 1994. Mayi Joyce Banda anagwa ali pampando mu 2014, a Peter Mutharika mu 2020, a Chakwera mu 2025, onsewo misonkhano yawo ikudzaza mabwalo. Ngati mitengo ya m'bawa ikugwa chonchi, nanga phungu? Paja ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.

Tsono za chiuno. Amene munawalowa m'malo aja anabwera kwa ine nthawi ya kampeni yawo yoyamba ali ndi mainchesi 32. Ankakhala pabenchi langali, kukazinga nafe chimanga, kufunsa za odwala dzina ndi dzina. Patatha zaka ziwiri anatumiza dalaivala ndi thalauza kuti ndilikulitse. Kenaka anasiyiratu, akuti masuti ankagula ku Johannesburg. Kunenepako sindikudandaula nako, munthu akapeza bwino azidya. Koma mimba ikamakula, makutu ankachepa. Galasi la galimoto linasiya kutsika. Pamaliro ankafika ulaliki uli mkati, kupereka chipepeso mokweza kuti chilengezedwe, nkunyamuka tisanapite kumanda. Anali munthu wabwino ndithu, kungoti kwa zaka zonsezo palibe anawauzapo kuti "apa mwalakwa". Aliyense wowayandikira anali ndi kapempho kake m'thumba, ndipo wopempha satsutsa.

Mudziwanso kuti gawo 64 la malamulo oyendetsera dziko, limene linkatilola kuchotsa phungu nthawi yake isanathe, aphungu anzanu analifafaniza mu 1995. Gawo 65, loletsa kudumpha chipani, lilipo koma limaluma mwakamodzikamodzi. Choncho mpaka 2030 chida chathu ndi pakamwa basi, ndi makalata ngati ino.

Sindikupempha ndalama ya sopo. Mlatho wa pakamtsinje kopita kuchipatala uja ukadali wamitengo, ndipo munalonjeza mutaimirira pomwepo. Mubwere mvula itagwa, galimoto muisiye kutsidya, muwoloke wapansi ngati amayi oyembekezera. Mukatero mudzere pakhonde pano, opanda oimba nyimbo, timwe thobwa ndikuuzeni zimene akunena anthu mukachoka.

Thalauza lanu la kampeni lija latha kalekale, mwatsala ndi K3,000. Munali pa 34. Msoko wam'mbuyo ndausiya waukulu, mainchesi awiri okha.

Ine wanu,
Telala wa pakhonde