Laibulale si ya mayeso okha, tiyeni tizibwereka mabuku

A Mkonzi,

Ndipatseniko mpata m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo pa nkhani imene yakhala ikundidya mumtima, nkhani yobwereka mabuku ku laibulale. Ine ndinali mphunzitsi wa kupulayimale, ndinapuma ntchito, ndipo pano ndimalima ndi kuweta tinkhuku kumudzi. Pakatha milungu iwiri iliyonse, tsiku Lachisanu, ndimapalasa njinga kupita kuboma kukabweza mabuku awiri ndi kukatenga ena awiri. Ulendo umenewu ndauyenda kwa zaka 6 tsopano.

Mwezi wathawu ndinasolola pashelefu buku lina la mbiri ya dziko lathu. Nditalivundukula kuchikuto, pamene amamatapo kapepala kodinda tsiku lobwezera, ndinapeza kuti chidindo chomaliza chinali cha 2011. Buku labwinobwino, masamba ake athunthu, koma kwa zaka zoposa 10 palibe amene analitulutsapo pakhomo. Ndinapukuta fumbi ndi mpango wanga, kenako ndinatembenuka n'kuyang'ana m'chipindamo. Munali modzaza moti pokhala panalibe. Anyamata ndi atsikana a Fomu 4 anali atawerama pamatebulo, aliyense ndi makope ake ndi mapepala a mayeso akale, onse atafulatira mashelefu. Mayeso a MSCE akangotha, m'chipinda chomwecho mumatsala ine, mayi woyang'anira laibulale ndi abambo awiri atatu obwera kudzaona ntchito zotsatsidwa m'nyuzipepala.

Anawa sindikuwadzudzula ayi. Ndaphunzitsa zaka zambiri ndipo ndikudziwa kuti ambiri kwawo kulibe tebulo, kulibe magetsi, kulibenso bata. Achita bwino kubwera. Chimene chikundiwawa n'chakuti tawazoloweretsa kuona laibulale ngati kalasi ina yodikiriramo mayeso, osati ngati malo amene munthu amatengako buku n'kupita nalo kwawo, kukaliwerenga pakhonde, kukagona nalo kumutu. Lamulo lokhazikitsa National Library Service, bungwe la boma loyendetsa malaibulale a anthu onse, linaperekedwa ndi Nyumba ya Malamulo mu 1967, ndipo silinakonzedwere ophunzira okha. Mlimi, telala, mayi wogulitsa tomato pamsika, onsewo mabuku amene aja ndi awo.

Ndinafunsapo mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Sitandade 7 kuti bwanji sabwereka buku ngakhale limodzi poti mayeso analemba kale. Anandiyankha mosabisa kuti, "Aphunzitsi, ndiye ndikatenge buku lanji? Mabuku onse aja ndiyambire pati?" Yankho limeneli linanditsegula maso. Timakonda kunena kuti Amalawi sakonda kuwerenga, koma ine ndaona kuti ambiri chimawagwetsa ulesi n'kusadziwa poyambira, ndipo akawerenga limodzi sadziwa lotsatira. Munthu amatola buku chifukwa chikuto chake chawala, akafika nalo kunyumba n'kupeza kuti ndi chikomekome cha mkuyu, n'kulibweza, osabwereranso.

Ndifotokoze mmene ine ndimachitira, mwina wina zimuthandiza. Ndili ndi kope lachikale la masamu limene ndinalisandutsa kope la mabuku. Ndikamaliza buku ndimalembamo dzina lake, tsiku, chinthu chimodzi chimene ndatolamo, ndipo pansi pake ndimalemba funso limene bukulo landisiya nalo. Funso limenelo ndi limene limandiuza buku loti ndikabwereke ulendo wotsatira. Sindilowa m'laibulale chimbulimbuli.

Chaka china chitopa chinandipululira nkhuku 23 m'sabata imodzi, n'kutsala ndi tambala mmodzi ndi misoti iwiri. Chifukwa cha mkwiyo ndinakabwereka buku la kawetedwe ka nkhuku. Linandiphunzitsa za khola, za chakudya, za kupatula nkhuku yogula kumene isanasakanikirane ndi zinzake. Funso limene linatsala linali lakuti, kodi katemera uja alangizi amadontheza m'diso mwa nkhuku amagwira bwanji ntchito, poti nkhukuyo sinadwale? Funsoli linandifikitsa pa buku la sayansi ya zamoyo la kusekondale, limene ine m'masiku anga sindinaliwerenge mofatsa. Mmenemo ndinamva bwino za chitetezo cha m'thupi, kuti katemera amaphunzitsa thupi kuzindikira mdani asanafike. Nditawerenga zimenezo ndinayang'ana chipsera cha katemera chimene chili pamkono panga kuyambira ndili mwana, ndipo funso lina linabadwa: nanga nthomba ija agogo athu ankaiopa inapita kuti? Buku lachitatu linandiuza kuti bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 1980 kuti nthomba yatheratu padziko lonse, ndipo chinaithetsa ndi katemera. Taonani, ndinayambira m'khola la nkhuku n'kukathera pa mbiri ya dziko lonse lapansi, ndipo pamene anthu ankakangana za katemera wa Covid-19 pabwalo la amfumu, ine ndinali ndi chonena chochokera m'buku, osati za kandimverere.

Njira imeneyi si yanga ndekha. Tonse timanyadira William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 mpaka 2002 itamusiyitsa sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi, anayamba kupita ku kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale ya Wimbe. Chingerezi sankachimva bwino, ankatsatira zithunzi. Buku lina la sayansi linamupatsa mafunso a magetsi, ndipo pofufuza mayankho anakumana ndi lina lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto. Ali ndi zaka 14 anamanga ake ndi mitengo ya bulugamu, zitsulo za njinga ndi zotolatola za kudzala, n'kuyatsa babu kunyumba kwawo. Mu 2007 anakalankhula ku msonkhano wa TED, wa anthu a maganizo atsopano, ku Arusha m'dziko la Tanzania, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America. Timakamba kwambiri za makinawo, koma timaiwala kuti mnyamatayu ankaloledwa kubwereka buku n'kupita nalo kwawo, ndipo buku limodzi linkamutuma kwa linzake.

Pali kanthu kenanso kamene ambiri sakadziwa, ndipo ine ndinakadziwa mochedwa chifukwa cha manyazi ofunsa. Safunsa anadya phula. Tinambala timene timalembedwa pamsana pa buku si tokongoletsa. M'malaibulale ambiri amatsatira kaikidwe kamene anakonza Melvil Dewey, katswiri wa zamalaibulale wa ku America, mu 1876, kamene kamaika mabuku a nkhani imodzi pamalo amodzi. Zaulimi zimayambira pa 630, zoweta zili pa 636, zaumoyo pa 610, nthano ndi ndakatulo za m'zilankhulo za kuno ku Africa pa 896, ndipo mbiri ya mayiko a kummwera kuno, Malawi ali momwemo, ili pa 968. Mayi woyang'anira laibulale atandilembera manambalawa pakapepala, ndinasiya kuyendayenda ngati mlendo pamsika. Ukapeza buku limodzi lokuthandiza, yang'ana oyandikana nalo kumanja ndi kumanzere, pakuti kawirikawiri lotsatira lako lili pomwepo. Bwanji manambala amenewa osawalemba m'Chichewa papepala lalikulu n'kulikhoma pakhomo polowera?

Kwa ife alimi, nyengo nayo imalamula zowerenga. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene tikukonza minda, ndimatenga za nthaka ndi manyowa. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale thupi limakhala lotopa ndi kupalira ndi kubandira, choncho ndimatenga timabuku tating'ono, nthano kapena ndakatulo, toti ndiwerenge masamba awiri tulo tisanandibe. Mabuku akuluakulu a mbiri ndimawasungira Juni ndi Julayi, chimanga chili m'nkhokwe, ndikuothera dzuwa kuseri kwa nyumba.

Tsopano ndinene zondipweteka. Buku la nkhuku lija, nditafika pa mutu wa matenda, ndinapeza kuti masamba kuyambira 47 mpaka 52 kulibe. Wina anawadula bwinobwino ndi lezala, n'kusiya timizere ta pepala m'katikati. Zamkatimu zinkaonetsa kuti pamenepo ndi pamene panali nkhani ya chitopa, chinthu chenicheni chimene ndinapalasira njinga mtunda wonse uja. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi bukulo pamwendo, mtima ukuwawa ngati andibera mbuzi. Munthu amene anachita zimenezi anali ndi vuto longa langa lomwe, nkhuku zake zinkafa, koma anasankha kudzithandiza yekha n'kutseka njira ya tonse obwera m'mbuyo mwake. Akanatha kukopera m'kope, masamba 6 okha. Chimodzimodzi amene amatenga buku n'kulisunga chaka chathunthu, mpaka ana kuling'amba n'kukulungira zitumbuwa. M'kope langa muli mabuku 4 amene ndakhala ndikuwadikira, ndipo nthawi zonse yankho limakhala lakuti amene anabwereka sanabweze. Ena amaopa chindapusa n'kuthawiratu. Ndikupempha oyang'anira malaibulale kuti aziika sabata imodzi pachaka yoti aliyense abweze buku lochedwa popanda kulipira kapena kufunsidwa mafunso. Ndikukhulupirira kuti mabuku ambiri angatuluke pansi pa mabedi.

Moto utapsereza laibulale ya Mzuzu University mu Disembala 2015, mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa, ndipo dziko lonse linadandaula, abwenzi akunja nawo anathandiza. Zinayeneradi kutero. Koma mabuku amene akutha mwakachetechete m'malaibulale athu aang'ono, ena ndi lezala, ena ndi chiswe, ena osabwezedwa, palibe amene amawalira.

Nkhani ina ndi ya chilankhulo, ndipo apa ndilankhulira mayi a kunyumba kwanga. Iwo sukulu analekezera Sitandade 6, Chichewa amawerenga bwino kwambiri, ndipo madzulo amakonda kuwerengera adzukulu mokweza. Ndinayamba kumawatengera buku limodzi mwa awiri anga aja. Chaka chisanathe anali atamaliza mabuku onse a Chichewa amene analipo, mwina osakwana shelefu imodzi, ena mwa iwo a sukulu. Tsiku lina ndikumanga mabuku pakaliyala anandiuza kuti, "Bambo, mukandifunsireko ngati kwabwera lina latsopano, awa ndawaloweza." Ndinabwerako chimanjamanja. Munthu wotere angakonze bwanji zoti awerenge mawa pamene palibe choti asankhe?

Tikuthokoza mabungwe ngati Book Aid International amene akhala akutumiza mabuku kuno kuchokera ku Britain. Popanda iwo mashelefu ambiri akanakhala mbee. Koma buku la Chichewa, la Chitumbuka kapena la Chiyao silingachokere ku London. Liyenera kulembedwa kuno, kusindikizidwa kuno ndi kugulidwa ndi ndalama zathu. Osindikiza alipo, monga Dzuka, CLAIM, Kachere ku Zomba ndi Montfort Media ku Balaka, ndipo olemba alipo ambiri amene zolemba zawo zikungogona m'masutikesi chifukwa palibe wogula. Boma linayambitsa maphunziro aulere a kupulayimale mu 1994, ndipo kuyambira 2016 pali ndondomeko ya National Reading Programme yophunzitsa ana a makalasi oyambirira kuwerenga. Ana akuphunziradi kulumikiza zilembo, koma akadziwa kuwerenga awerenge chiyani? Pali thumba la ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu athu. Milatho ndi midadada ya sukulu n'zofunika, sindikutsutsa, koma kodi pali phungu amene anaganizapo zopatulako kangachepe n'kugulira laibulale ya m'dera lake mabuku a m'zilankhulo zathu? Mabuku a zaulimi nawo akufunika atsopano. Ambiri amene ndimawapeza analembedwa ntchemberezandonda zowononga chimanga zija zisanafike kuno cha m'ma 2016 ndi 2017, choncho sanenapo kanthu za mdani amene akutisowetsa tulo lero.

Wina anena kuti masiku ano zonse zili pafoni. Zilipodi kwa amene ali ndi foni yaikulu, ndalama ya bandulo ndi potchajira. Kwathu kutchaja foni n'kolipira, ndipo netiweki timakaipeza pachulu. Buku silitha moto.

Pempho langa lalikulu silifuna ndalama zambiri. Pa tebulo la woyang'anira laibulale aliyense pakhale kope limene wobwereka angalembemo buku kapena nkhani imene akuifuna koma sanaipeze, ndiponso buku limene lamukomera kuti ena alidziwe. Pogula kapena popempha mabuku, akuluakulu aziyamba ayang'ana m'kope limenelo. Kwa ife ochokera kutali, nthawi ya dzinja pamene mitsinje imadzaza ndipo njinga imatitimira m'matope, atilole kusunga buku mwezi wathunthu. Ndipo poti m'zoni iliyonse ya sukulu muli TDC, malo ophunzitsirako aphunzitsi, bwanji osamatumizako bokosi la mabuku obwereketsa kwa anthu a m'midzi, n'kumalisintha teremu iliyonse? Aphunzitsi opuma ngati ine tilipo ambiri, ndipo ine ndine wokonzeka kuliyang'anira bokosilo popanda malipiro.

Mnyamata uja ankasowa poyambira ndinapita naye kulaibulale Lachisanu lapitalo. Ndinamufunsa chimene amafuna atadziwa, iye anati kukonza mawailesi ndi masola. Tinakaima pa 621, pamene pali mabuku a zamagetsi ndi makina, anasankha yekha buku, analembetsa khadi, ndipo ndinamugulira kope la masamba 40 kuti ayambe lake. Ulendo ukubwerawu tipitanso limodzi, iye kukabweza lakelo, ine kukafuna la manyowa poti mvula yayandikira, ndi kukafunsanso ngati kwabwera la Chichewa la mayi a kunyumba. Ndipo ngati amene munadula masamba 47 mpaka 52 a buku la nkhuku mukuwerenga kalatayi, chonde kawasiyeni pa tebulo la woyang'anira laibulale, ngakhale osatchula dzina. Guluu ndili naye, ndidzawamata ndekha.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Chigawo chapakati