Chilengezo: thandizo kwa okhudzidwa ndi madzi osefukira ndi fizi ya ana

Abambo ndi amayi a gulu lathu lothandizana pa maliro kuno ku Harare,

Abale athu ena, makamaka a ku Budiriro kufupi ndi mtsinje wa Marimba, madzi adawalowera m'nyumba: ufa wanyowa, zofunda zili matope okhaokha, makope a ana afufuma. Chonde kalembetseni msanga kwa khansala wanu komanso ku ofesi ya Department of Social Development. Musachite manyazi, thandizoli ndi lanu.

Za fizi, kumbukirani BEAM, ndondomeko ya boma yomwe idayamba mu 2001. Imalipirira ana amasiye ndi ovutika fizi, levi ndi ndalama za mayeso. Mayina amasankhidwa ndi komiti ya m'deralo kudzera pasukulu, choncho kaonaneni ndi aphunzitsi aakulu. Ndalamazi zimachedwa kufika, komabe dzina la mwana likhale pamndandanda.

Chomwe chimatiwawa ndi ichi: adzukulu athu ambiri amatsalira chifukwa alibe kalata yakubadwa. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 amavomereza unzika wa amene adabadwira muno malamulowo asanakhazikitsidwe ndipo ankakhala muno pa nthawiyo, ngakhale makolo adachokera ku Malawi, Mozambique kapena Zambia. Lamlungu likubwerali, tikatuluka m'tchalitchi, bwerani ndi mapepala onse amene muli nawo, ngakhale onyowa, tiwaonere limodzi.

Ine wanu,
Mlembi wa gulu