Kwa akuluakulu a kampani ya betingi: maodzi a mahatchi akutsika tiketi ili m'njira

Akuluakulu, nkhani iyi taibweretsa poyera chifukwa tikadandaula kumbali yankho lanu limangokhala limodzi, loti maodzi (mtengo wa hatchi umene umachulukitsidwa ndi ndalama yobetchera) amasinthasintha. Zimenezo tikuzidziwa bwino lomwe. Ndife makasitomala anu a kuno ku Mzuzu amene timabetcha mpikisano wa mahatchi uli mkati, ndipo dandaulo lathu lili pa zimene makina anu amachita maodziwo akasintha.

Mahatchi amene timabetcha sathamangira kuno. Ndi a m'mabwalo a ku South Africa monga Turffontein, Vaal, Greyville ku Durban ndi Kenilworth ku Cape Town, komanso mabwalo a ku UK. Mpikisano wa mamita 1,000 umatha pafupifupi m'mphindi imodzi, hatchi ikudya mamita 16 kapena 17 pa sekondi. Ikachedwa kutuluka pageti, ikapanikizidwa kumpanda pakhota, kapena wokwerapo akayamba kuikwapula mtunda udakalipo, mtengo wake uyenera kusintha pomwepo. Pa mpikisano wa Grand National ku Aintree ku UK, pomwe amalumpha mipanda 30, hatchi yotsogola ikagwa maodzi a zonse zotsala amagwedezeka nthawi imodzi. Apa palibe mlandu.

Vuto nali. Munthu wasankha hatchi pa 4.50, walemba K2,000, wadina batani. Kachizindikiro kamazungulira pa sikirini masekondi angapo, paja mumaimika kaye tiketi musanailandire. Pofika nthawi yoti ituluke, yalembedwa 2.10. Amene amayembekeza K9,000 adzalandira K4,200 hatchiyo ikapambana. K4,800 yapita popanda kumufunsa ngati akufunabe kubetcha pa mtengo watsopanowo. Koma zikatembenuka, mtengo n'kukwera kuchoka pa 4.50 kufika pa 6.00 m'masekondi omwewo, tiketi imabwezedwa ndi uthenga woti maodzi asintha, yambiraninso. Ukamati uyambirenso, msika watsekedwa. Kusintha kokomera inu kukudutsa kokha, kokomera kasitomala kukuimitsidwa pachipata. Ichi ndiye chikutiwawa.

Gwero lake tikulidziwa. Pa silipi pali kabokosi kovomereza kusintha kulikonse kwa maodzi. Mumakasiya kochongedwa kale, kali kuseri kwa tizosankha tina, m'Chingerezi chokhachokha, ndipo munthu akakachotsa kamabwereranso akatuluka n'kulowanso mu akaunti. Kabokosiko kazibwera kopanda chochonga, ndipo pakhale njira zitatu zooneka pamwamba pa batani: kukana kusintha kulikonse, kuvomera mtengo ukakwera basi, kapena kuvomera zonse. Mtengo ukatsika, foni ifunse kaye.

China ndi kanema. Inu mumalandira uthenga wa zochitika pabwalo msanga, pomwe chithunzi chimadutsa m'makompyuta angapo kenako pa netiweki chisanafike pafoni ya munthu ku Chiputula kapena ku Luwinga. Chikachedwa ndi masekondi 6 okha, mahatchi apita kale mamita pafupifupi 100. Munthu akuona yake ili patsogolo pakhota lomaliza, pomwe pabwalopo yapitiridwa kale ndi ziwiri. Amaona maodzi ake akwera mwadzidzidzi n'kumati wapeza mwayi, osadziwa kuti akugula hatchi yotopa kale. M'mashopu zimaonekera poyera: TV ya pakhoma ikuonetsa mahatchi asanafike pamzere, kompyuta ya kashiyala yatseka kale msika. Lembani pakona pa kanemayo kuti ali m'mbuyo ndi masekondi angati. Ngati simungathe, tsekani kubetcha mahatchi akamalowa mamita 400 omaliza, kwa aliyense mofanana.

Cash Out, batani lotengera ndalama mpikisano usanathe, nayo imazimitsidwa nthawi yomwe ikufunika. Hatchi ikamatsogola batani limafa, ikatsalira limadzuka ndi kandalama kochepa.

Pali nkhani ya hatchi yochotsedwa mpikisano usanayambe. Pa mipikisano ya ku UK pali Rule 4, lamulo lodula phindu hatchi ina ikachotsedwa, ndipo sitikulimbana nalo. Hatchi ya 4.00 ikachotsedwa, mumadula K25 pa K100 iliyonse ya phindu, osakhudza ndalama yobetchera. Pa tiketi ya K2,000 ya 4.50, phindu ndi K7,000, kudula K1,750, munthu n'kulandira K7,250 pamodzi ndi yake ija. Masamu ake ndi omveka, koma silipi yanu imangoonetsa ndalama yomaliza, osatchula hatchi yachotsedwa, mtengo wake kapena nthawi yake. Pajatu kudulako kumakhudza matiketi okhawo amene adagulidwa hatchiyo isanachotsedwe. Wogula pambuyo pake wapeza kale maodzi otsika, ndiye akadulidwanso walipira kawiri, ndipo popanda nthawi pasilipi alibe pogwira.

N'chifukwa chake tikupempha kuti silipi iliyonse izionetsa nthawi mpaka pa sekondi, kawiri: pomwe batani ladinidwa ndi pomwe tiketi yalandiridwa, pamodzi ndi mtengo wa nthawi zonse ziwirizo. Zimenezi zili kale m'makompyuta anu. Ogwira ntchito m'mashopu anu musawasiye azilimbana ndi anthu okwiya opanda chowaonetsa, chifukwa si iwo adaika kabokosi kaja.

Laisensi yanu ili pansi pa Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndipo manambala a matiketi ndi zithunzi za sikirini tikusunga kuti tikapereke kumeneko ngati pano sipatuluka yankho. Mpikisano waukulu wa Durban July umachitikira ku Greyville mu Julayi, mamita 2,200, ndipo tsiku limenelo anthu ambiri amene sabetcha mahatchi masiku onse adzadina batani lomwelo. Tiyankheni pansi pomwe pano, onse aone: tiketi ikakhala m'njira mtengo n'kutsika, ndi ndime iti ya malamulo anu imene imakulolani kuilandira, pomwe mtengo ukakwera mumaibweza?