Kalata ya Abusa: Za Mabotolo a Madzi Amene Alowa M'nyumba Zathu

Okondedwa akulu a mpingo, madikoni, amayi a Chigwirizano, achinyamata ndi akhristu nonse a m'milaga yathu kuno ku Nkhotakota, mtendere wa Ambuye Yesu ukhale nanu. Kalata iyi iwerengedwe Lamulungu lino m'milaga yonse, chopereka chisanayambe.

Chiyambire mwera chaka chino, kugombe kwabwera malonda achilendo: madzi akuti odzozedwa, timabotolo ta mafuta, timapepala tomata pachitseko ndi pabwato. Za ogulitsawo sindinena zambiri, adzayankha okha kwa Mwini wake. Amene akundisowetsa tulo ndi ogula, chifukwa ambiri mwa iwo ndinawabatiza ndekha, ndipo amadya nafe Mgonero.

Ndinakayendera mayi wina wamasiye chakufupi ndi Chia. Pawindo panali botolo lapulasitiki, madzi atatsala pansi penipeni, pambali pake pomatidwa chithunzi cha bambo wa suti yoyera. Mapiritsi a kuthamanga kwa magazi amene analandira kuchipatala anali chimangire m'kathumba kawo. Mpunga umene anasungira mbewu anagulitsa. Nditawafunsa, anayang'ana pansi nati, "Abusa, anandiuza kuti abale a malemu anafufuta dzina langa m'buku la moyo, ndiye kuti libwereremo ndiyenera kubzala mbewu ya ndalama." Mayi wa Chigwirizano, wodziwa nyimbo zonse pamtima!

Abale anga, buku la moyo lili m'manja mwa yani? Ndani anakwera kumwamba ndi chofufutira? "Anatisankha ife mwa Iye, lisanakhazikike dziko lapansi, tikhale ife oyera mtima ndi opanda chilema pamaso pake" (Aefeso 1:4). Nyanja iyi isanadzaze, Bua asanayambe kutsetsereka, agogo athu oyamba asanabzale phesi la chinangwa, Mulungu anali atakonza kale za chipulumutso chanu. Sanafunsire nzeru kwa mneneri, sanadikire Mpamba kapena Airtel Money. Zimene zinakonzedwa nthawi isanayambe, inu mukuganiza kuti zingasokonezedwe ndi mlamu wanu wokwiya, ndi kukonzedwanso ndi madzi a pachitsime? "Palibe munthu adzazikwatula m'dzanja langa" (Yohane 10:28).

Ife a ku Nkhotakota tikanayenera kukhala omaliza kugwa m'msampha umenewu. Kuno ndi kumene munthu ankaikidwa mtengo. M'masiku a Jumbe, kuyambira zaka za m'ma 1840, anthu ankasonkhanitsidwa pagombe lino, kuwolotsedwa pa zombo, n'kuyendetsedwa wapansi mpaka ku Kilwa. Mkuyu umene David Livingstone anakhala pansi pake pokambirana ndi Jumbe za malonda amenewa ana athu amakauona ndi aphunzitsi awo. Dipo timalidziwa ife. Ndipo lathu linaperekedwa kale: "Simunaomboledwa ndi zovunda, golidi ndi siliva, koma ndi mwazi wa mtengo wake wapatali monga wa mwana wa nkhosa wopanda chilema ndi wopanda banga, ndiwo mwazi wa Khristu" (1 Petro 1:18-19). Kapolo woomboledwa akabwerera kumsika ndi ndalama zake kukafunsa mtengo wa mutu wake, wamunyoza amene anamuombola. Tchimo lake ndi limenelo, ndipo sindilichepetsa. Mukagula botolo kuti dzina lanu likhazikike kumwamba, mukunena kuti mwazi wa Yesu unaperewera, pakufunika kuwonjezera. Simoni wa ku Samariya anayesa zomwezo, ndipo Petro sanamunyengerere: "Ndalama yako itayike nawe, chifukwa unalingirira kulandira mphatso ya Mulungu ndi ndalama" (Machitidwe 8:20).

Ndikudziwa chimene chikukukokani. Usipa wavuta, mafuta a injini akwera, ndipo mayi amene mwana wake wapita ku chilimira usiku wa mwera sagona. Mantha amenewo ndi enieni, sindikuwaseka. Koma anyamata ena tsopano akulowa m'madzi mphepo ili pakati chifukwa amangirira botolo kutsogolo kwa bwato. Ambuye sanatilonjeze kuti nyanja idzatiopa. Bishopu Chauncy Maples wa Anglican anamira m'nyanja yomweyi mu 1895 atangodzozedwa kumene, ndipo manda ake ali konkuno ku Nkhotakota. Kodi dzina lakenso linali litafufutidwa? Chimene tinalonjezedwa ndi ichi: ngakhale imfa, ngakhale moyo, sizingathe kutisiyanitsa ndi chikondi cha Mulungu chimene chili mwa Khristu Yesu Ambuye wathu (Aroma 8:38-39). Mwera ukakula, kokerani bwato kumtunda.

Tsono izi zichitike. Aliyense amene ali ndi botolo kapena mafuta otere akathire pansi sabata ino, pamaso pa mkulu wa mlaga wake. Sitiitanira munthu ku bwalo la mpingo chifukwa cha zimene zapitazi. Koma mkulu wa mpingo kapena dikoni amene apezeke akuperekeza anthu kwa ogulitsa mabotolowo, kapena kugulitsa nawo, ameneyo tidzakhala naye pansi. Amene munasiya mankhwala, kaya a BP, a shuga kapena ma ARV, mubwerere kuchipatala Lolemba, musadikire kuti mugwe. Amayi a Chigwirizano, amasiye a m'milaga yanu muwayendere musanafike tsiku la msonkhano wanu. Amene akuwadyera ndi amene ife tinawasiya okha.

Nkhani ina ndi ya denga. Malata a mbali ya kunyanja awola ndi dzimbiri, ndipo mvula ikagwa kwaya imakhala itaima pamadzi. Ndikudziwa ena anena kuti nawonso abusa akufuna ndalama. Inde, tikufuna za malata ndi misomali, ndipo wopereka sadzalandira china koma lisiti. Banja lililonse libweretse ndowa ya mpunga kapena mtengo wake kwa msungichuma wa mlaga mwezi uno usanathe. Achinyamata, Loweruka m'mamawa tikumane pa tchalitchi ndi makasu ndi mawilibala, tikatute mchenga wokonzera khonde.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.