Tadala, usalipire ndisanaimve ikulira

Wokondedwa mwana wanga Tadala,

Kuno ku Ntcheu tili bwino, ndipo miyendo ya amayi ako ija yayamba kulola. Dzulo netiweki inatidula nkhani ili m'kamwa, ndiye ndati ndilembe zonse kuti uziwerenge modekha.

Ndakondwa kwambiri, mwana wanga, kumva kuti ukufuna kugula galimoto. Ndikudziwa mmene wavutikira zaka zonsezi, kudzuka kusanache kukalimbirana minibasi ku Area 25, nthawi ya dzinja n'kumafika ku ofesi nsapato zili matope okhaokha. Ndalama wasungayo ndi thukuta lako, n'chifukwa chake sindikufuna kuti ipite m'madzi chifukwa cha phuma.

Unandifunsa za Mira, Passo ndi Vitz. Mira injini yake ndi ya 660cc, mafuta imamwa pang'ono zedi, ndipo masiku amene anthu amagona pamzere wa petulo, mwini Mira ndi amene amapuma. Koma ndi kagalimoto kopepuka. Mukakweramo anthu anayi, kumbuyo n'kuikako thumba la chimanga, zitunda za ku Dedza kazikwera mokoka, ndipo mabasi akuluakulu akamakudutsa pa M1 uzimva kakugwedezeka. Iweyo kwanu ndi kuno, uzibwera. Ine ndingasankhe Vitz kapena Passo ya 1000cc. Ziwirizi zambiri injini yake ndi imodzi, ya masilinda atatu, ndipo palibe makaniko wa ku Biwi kapena ku Mchesi amene sanaitsegulepo. Galimoto yabwino kwa munthu wolandira pamwezi ndi imene chitsulo chake chikathyoka m'mawa, madzulo wachipeza.

Za kuitanitsa ku Japan, mtengo umene ukuuona pa foniwo usakunamize. Nthawi zambiri umathera padoko la Dar es Salaam. Kuchoka apo pali wokaitulutsa, woiyendetsa mpaka pa Songwe, msonkho wa MRA umene amawerengera poona kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, kenako kulembetsa nambala. Zambiri mwa izi zimatsatira dola. Ukumbukire mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti: amene galimoto zawo zinali panyanja anadzuka bajeti itawathawa. Ngati mtima wako uli komweko, uyambe wadziwa msonkho wonse usanatumize ngakhale tambala. Koma pa galimoto yoyamba, ine ndingakonde imene ungaigwire ndi manja.

Apa ndiye ndikuuze zimene zinandichitikira, iwe uli wakhanda. Ndinapita kukaona kapikapu kena masana. Mwiniwake anali atakatsuka mpaka injini ikuwala, ndipo nditakhudza kiyi kanalira kamodzi n'kamodzi. Ndinalipira pomwepo. M'mawa mwake kanakana kulira mpaka anyamata atatu anandikankha, ndipo katadzuka kanatulutsa utsi wabuluu wodzaza bwalo lonse, amayi ako akutsokomola pakhonde iwe uli kumsana. Munthu uja anali atakatenthetsa ine ndisanafike. Ndalama ya feteleza ya chaka chimenecho inathera kwa amakaniko, ndipo tinakolola zochepa. Mpaka lero zimandiwawa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choncho ukaione m'mamawa. Ukafika, uyambe waika dzanja pa boneti. Ikakhala yofunda, udziwe kuti alipo wakulawirira, ndipo upangane nawo tsiku lina. Utsegule chotsekera cha oyilo, uone kunsi kwake: pakakhala zoyera ngati mkaka wosasa, mwina madzi akulowa mu injini, usiyane nayo. Ukapotokola kiyi usanalize, timagetsi tonse ta pa dashibodi tiziyaka, kenako tizime injini ikalira. Kamene sikayaka n'komwe, mwina anakachotsa dala kuti kasaulule matenda. Makilomita olembedwawo usawakhulupirire kwambiri, anthu amabweza. Uyang'ane chiwongolero ndi popondera buleki, ngati zaperepeseka ndiye kuti yayenda. Ugwadenso usuzumire kunsi, chifukwa zina zimachokera kumadera a chipale chofewa kumene amathira mchere mumsewu, ndipo dzimbiri limadya pansi pamwamba pakuwala.

Giya ya timagalimoto tambiri timeneti ndi ija yosintha yokha imene amati CVT. Ili ndi oyilo wakewake. Wina akathiramo wamba, imayamba kunjenjemera ponyamuka, ndipo kuikonza ndi ndalama zoti ungalire nazo. Uiyendetse wekha, uikwezeko chitunda, uidutsitse pa mabampu wailesi itazimitsidwa kuti umve chilichonse chogogoda. Makaniko upite naye wako, womulipira iweyo, osati wobwera ndi wogulitsa.

Mapepala usachite nawo manyazi. Nambala ya chasisi imene ili pa galimoto ifanane ndi ya mu blue book, buku la umwini wa galimoto, ndipo dzina la m'bukumo likhale la munthu amene ukumupatsa ndalamayo, chitupa chake uchione ndi maso ako. Zoti "mwiniwake ali ku Joni, ine ndi mlamu wake" usazimvere. Mupitire limodzi ku Road Traffic kukasintha umwini, ndipo madobadoba oima panja aja uwapatse moni basi, ulowe wekha. Uonenso kuti COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndi inshuwalansi zikutha liti.

Chinthu china chimene chimandidetsa nkhawa ndi ichi: usathere ndalama yonse pogula. Galimoto zambiri zimabwera ndi matayala a nyengo yozizira amene sachedwa kutha pa tala wathu wotenthayu, ndipo zina sizikhala ndi tayala la sipeya ngakhale jeke. Onjezerapo batire, oyilo ndi mafyuluta. Ngati zonsezi zikukukankhira kwa akatapila, dikira miyezi itatu ina, minibasi sizinathe. Ndipo achibale akadzayamba kubwereka, achimwene ako omwe, udzawauze kuti bambo analetsa. Mlanduwo ndausenza ine.

Ukapeza imene yakugwira mtima, unditumizire zithunzi pa WhatsApp, ndipo undiuze tsiku. Ndidzakwera basi ya m'bandakucha, ndidzatsikira pa depoti, tidzapitire limodzi. Makutu angawa akalamba, koma injini yodwala amaimvabe. Amayi ako akuti udzayambe kunyamula iwowo, akufuna kukaona azakhali ako ku Balaka.

Ndine bambo ako.